Khansala wathu uja pano ndi phungu, tivine kapena tidandaule?

Nangozo:
Moni nonse pagulu pano. Ine pali nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere chichokereni chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chija. Bambo aja anali khansala wathu kuyambira 2014, tinawavoteranso 2019, pano apambana uphungu ndipo anthu kuno akuvina kuti chitukuko chafika poti munthu wathu walowa palamenti. Koma ine mtima sukukhazikika, ali khansala timawapeza pamsika, maliro aliwonse analipo, mjigo ukafa umangowaimbira mawa lake abwera ndi amakaniki. Nanga pano tiziwapeza kuti? Mesa amene wachoka uja nayenso poyamba anali munthu wabwinobwino mpaka anadzasintha nambala ya foni. Tandiuzani anzanga, munthu akachoka ku khonsolo kupita ku palamenti ife eni dera tapindula kapena taluza?

Wakabaza wa pa Siteji:
kkkkk mayi mwaluza basi musavutike nkuwerengera. Bwana amenewo ine ndimawanyamula panjinga nthawi yomwe yawo ija inali yakufa, amalipira bwinobwino osanenelera. Pano azidutsa pa galimoto ya magalasi akuda ife tizilandira fumbi

Mayi a Mphatso:
Inu a Wakabaza musayambe kunyoza munthu asanalakwe. Zaka 11 ali khansala munamvapo kuti waba chani?

Wakabaza wa pa Siteji:
Sindinati aba mayi, ndati asowa. Komanso ku khonsoloko akanaba chani poti kulibe kanthu kkkk

Aphunzitsi Opuma:
Mwafunsa bwino a Nangozo, ndipo mnyamata wa kabazayu ngakhale akuseka wanena chenicheni, khansala alibe kanthu m'manja ndipo sizinachitike mwangozi. Mundilole nditalikitseko poti ambiri pano munali ana. Lamulo la maboma ang'onoang'ono lomwe tikuyendera linabwera 1998 pamodzi ndi ndondomeko ija ankati mphamvu ku anthu. Makhansala tinawasankha mu Novembala 2000 ndipo anthu sanapite kukavota, pa anthu 100 aliwonse olembetsa anavota ngati 14 okha, ife amene tinali pa senta tinangokhala tikuwodzera tsiku lonse. Nthawi yawo itatha mu 2005 a Bingu sanachititsenso chisankho china, kumangoti chaka cha mawa chaka cha mawa, mpaka dziko linatha zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mkati mwa zaka zimenezo ndi momwe CDF, thumba lija la chitukuko cha dera la phungu, inabadwira, 2006, nde taganizani mwana amene anakula nthawi imeneyo, iye anangodziwa kuti mlatho amamanga ndi MP, buloko ya sukulu ndi MP, mjigo ndi MP. Kenako 2010 aphungu anasintha lamulo lija nkudzipatsa okha mphamvu yovota mu khonsolo, mawodi anawachepetsa, anali opitilira 800 koma pomafika 2014 analipo 462, komanso DC anati azisankhidwa ndi nduna osati khonsolo. Makhansala pobwerera mu 2014 anapeza ntchito yawo yonse aphungu atatenga kale. Nde munthu wanzeru zake ngati bambo athuwa akakhala zaka zingapo akuona komwe ndalama ikudutsa, mukuti asalakelake uphungu?

Achimwene a ku Joni:
Aphunzitsi mwatikumbutsa kutali. Ine 2014 ndinali ndisananyamuke, ndimakumbukira pa 20 Meyi tinapatsidwa mapepala atatu ndipo la khansala lija anthu ambiri amangochonga chizindikiro cha chipani osadziwa nkomwe nkhope yake

Bambo a Tadala:
Ine ndakhalapo mu ADC, komiti ya chitukuko ya dera la T/A, nde ndilankhule zomwe ndinaona ndi maso. Pa pepala zinthu zimayenda chonchi, mudzi umakhala pansi ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, nkugwirizana chomwe chikuvuta, kaya ndi mlatho kaya nyumba ya aphunzitsi, nkhani ija ipite ku ADC komwe kuli a T/A, kuchoka apo ikalowe mu pulani ya chitukuko ya boma lonse ndipo khonsolo yonse ikhale pansi ivomereze. Khansala ndi amene amayenera kunyamula nkhani zathu kukazimenyera kumeneko. Koma zenizeni zake ife timangoona lole yatsitsa mchenga ndi njerwa pamalo pomwe sitinapemphe, ukafunsa akuti ndi za CDF a honarebo atumiza, kontilakitala wake sitikumudziwa, ndalama zake zingati sitikudziwa, khansala nayenso akudabwa limodzi ndi ife. Bambo amene tikukambawa ndinawaonapo atakwiya pa mitingi mpaka kumenya tebulo kuti bwanji chitukuko chikulowa mu wodi yawo iwo osauzidwa. Nde funso langa ndi lakuti pano mpando uja akhalapo ndi iwowo, khansala watsopanoyu azimuuza?

Mayi a Mphatso:
Azimuuza kumene, poti ululu wake akuudziwa

Bambo a Tadala:
Mayi a Mphatso ndikanakonda zitatero koma ganizirani izi. Iwowa uphungu aupeza bwanji? Mesa ndi chifukwa anali khansala wolimbikira, anthu anawaona, kenako anamugwetsa MP. Nde iwo akudziwa bwino kuposa wina aliyense kuti khansala wolimbikira ndi shado MP wa mawa. Mukuganiza kuti alola kamnyamata kena kaziwala mu dera mwawo mpaka 2030? Udani wa MP ndi khansala sukhala wa mitima yoipa ayi, ndi mpando umodzi anthu awiri akuufuna

Wakabaza wa pa Siteji:
Apa nde mwalasa bambo a Tadala

Malume a ku Lusaka:
Ndawerenga zonse. Ine ndikupatseni chitsanzo cha kuno poti munthu amene anayenda njira yonseyi kuchokera pansi tonse timamudziwa, malemu Michael Sata. Kumudziko ambiri mumangomudziwa ngati pulezidenti wolusa uja, King Cobra, koma munthu uja anayambira ukhansala mu Lusaka muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nthawi ya chipani cha UNIP cha a Kaunda. Asanalowe ndale anagwirapo upolisi, anagwirapo ku njanji, mpaka ku London anakagwirako pa siteshoni ya sitima ya Victoria. 1983 anawina uphungu ku Kabwata, 1985 a Kaunda anamuika kukhala gavanala wa Lusaka, ndipo apa ndi pomwe dzina linamveka. Madala a m'makomboni kuno mpaka lero amakamba za nthawi imeneyo, kuti zinyalala zimachotsedwa, maenje a mumsewu amakwiriridwa, milatho inamangidwa, mwini wakeyo amangotulukira pamalo a ntchito nkuyamba kukalipira anthu pompo. Chipani cha MMD chitalowa 1991 anakhala nduna ya maboma ang'ono, kenako ya apantchito, kenako ya zaumoyo, 1996 anakaimira kwawo ku Mpika nkuwinanso. 2001 atakwiya kuti a Chiluba asankha a Mwanawasa anatuluka nkuyambitsa chipani chake cha PF, analuza 2001, analuza 2006, analuza 2008, anadzawina 2011. Koma taonani, kuyambira 2006 mavoti a mu Lusaka anali ake ngakhale amaluza dziko lonse, ndipo ukafunsa anthu akuluakulu samakuuza zomwe analankhula mu palamenti, amakuuza za misewu ndi zinyalala. Nde ine ndikuti munthu amene wadutsa ku khonsolo amakhala akudziwa kuti ngalande imatsekeka bwanji, msika umatolera ndalama bwanji, si chimodzimodzi ndi uja wangotsika ndege ndi chikwama cha ndalama nkudzagula mapulaimale. A Nangozo musataye mtima

Achimwene a ku Joni:
Malume si yemwe uja anamubweza pa Chileka ameneyu?

Malume a ku Lusaka:
Yemweyo mphwanga, 2007, amabwera kudzacheza ndi a Muluzi, boma la a Bingu linamukaniza kulowa nkumukweza galimoto mpaka kukamutula pa boda ya ku Mchinji. Atawina 2011 anakana kubwera ku msonkhano wa COMESA ku Lilongwe akuti mundipepese kaye kkkk. Munthu uja samaiwala

Aphunzitsi Opuma:
A malume chitsanzo chanu ndi chokoma koma ndikuona kuti chikutsutsa mfundo yanu yomwe. Mwanena nokha kuti dzina la a Sata linamveka ali gavanala. Gavanala wa nthawi ya chipani chimodzi ku Zambia sanali khansala wamba, amasankhidwa ndi pulezidenti ndipo ndiye amakhala wapampando wa khonsolo, chipani ndi boma zinali chinthu chimodzi, akalamula malole amatuluka, antchito amathamanga. Nde chomwe chinagwira ntchito pamenepo si ukhansala kapena uphungu ayi, ndi mpando wokhala ndi bajeti, antchito ndi zida. Khansala wathu ali ndi chani? Njinga yamoto ya loni ndi ka alawansi kotha sabata isanathe. Phungu naye alibe lole, alibe injiniya, ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko ndi kufunsa nduna kuti ndalama zapita kuti. Amene ali ndi mainjiniya ndi ma akauntanti ndi DC, ndipo DC ameneyo simumuvotera inu, khansala sangamuchotse, amayankha ku Capital Hill

Malume a ku Lusaka:
Pamenepo sindikukanani aphunzitsi. Koma manje kuno zinasinthako, kuyambira 2016 meya timavotera tokha anthu wamba osati makhansala okhaokha kusankhana, ndipo chaka chomwecho ma MP anawachotsa mu khonsolo. Mpando wa meya unalemera mpaka munthu ngati Miles Sampa, amene anali kale MP wa Matero kuyambira 2011, anapita kukaimira umeya wa Lusaka mu 2018 a Wilson Kalumba atamwalira, kenako 2021 anabwereranso ku uphungu wa Matero. Kumudziko munamvapo MP atasiya palamenti nkukafuna mpando wa ku khonsolo?

Wakabaza wa pa Siteji:
kkkkkk ameneyo achibale ake angamutengere kwa asing'anga

Achimwene a ku Joni:
Kunonso ndi chimodzimodzi malume. Kuno munthu savotera MP wa dera, umavotera chipani nde chipanicho chimatenga anthu pa mndandanda wake, moti ukafunsa munthu mu lokeshoni kuti MP wako ndani akuyang'ana ngati wapenga. Koma khansala wa wodi aliyense amamudziwa ndi nyumba yake yomwe, madzi akasiya kutuluka kapena magetsi akazima masiku angapo anthu amapita kukayatsa matayala pa geti pake. Amalandira malipiro a pamwezi enieni ndipo meya ali ndi mphamvu, nthawi ya Herman Mashaba ku Johannesburg kuno 2016 mpaka 2019 ife obwera timagona tikumuganizira iyeyo osati nduna. Sindikuti kuno zinthu zili bwino ayi, maenje ali thoo ndipo makhansala ena amaphedwa kumene polimbirana mipando, koma munthu umadziwa khomo loti ukagogode

Mayi a Mphatso:
Koma abale musaiwale kuti kwathu kunonso alipo a ku khonsolo amene anaonetsa ntchito. A Noel Chalamanda ali meya wa Blantyre kuyambira 2014 tauni inasintha tonse tinaona, maraundabauti aja anakongola, misewu imasesedwa. Ku Lilongwe 2019 mayi Juliana Kaduya anakhala meya woyamba wamkazi. Si onse amangodikira uphungu

Aphunzitsi Opuma:
Zoona mayi, koma taonani mmene tinaupangira mpandowo. Meya kwathu kuno amasankhidwa ndi makhansala anzake ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka basi, a Chalamanda pofika kumayambiriro kwa 2017 anali atachoka analowa a Wild Ndipo. Kumaboma kuno nde ndi zoseketsa, wapampando wa khonsolo amakhala chaka chimodzi, asanadziwe nkomwe kuti mafayilo amasungidwa kabati iti nthawi yatha kale ayambirenso kunyengelera anzake. Munthu ungapange chani pa chaka chimodzi?

Nangozo:
Ine zonsezi ndamva koma nkhawa yanga ndi yapafupi. Mwezi wathawu mwana wa achemwali anga anadwala usiku, kale tikanaimbira bambo aja amabwera ndi njinga kapena kutipezera galimoto. Tinaimba foni inangolira osayankhidwa, mawa lake anatumiza mnyamata wawo ndi ndalama ya thiransipoti. Sindikudandaula, anatithandiza ndithu, koma mwaona kusiyana kwake? Pano pakati pa ife ndi iwo palowa mnyamata

Bambo a Tadala:
Pepani a Nangozo, mwanayo ali bwanji pano?

Nangozo:
Anachira bambo, zikomo, anali malungo

Bambo a Tadala:
Tithokoze Mulungu. Koma ndinene mosabisa, ifenso timawapha anthuwa. Wodi ndi midzi yowerengeka, dera la phungu ndi lalikulu kawiri kapena kuposa, nde aliyense akufuna bokosi la maliro, fizi ya mwana, thumba la feteleza, mpira ndi yunifomu ya timu, malata a tchalitchi. Munthu uja walowa kale ndi ngongole za kampeni chifukwa mapulaimale okha amadya ndalama zoopsa, kunyamula anthu pa malole, nsalu, ma tisheti, chakudya cha ma monita. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawa pa kampeni koma tonse tinaona zomwe zimachitika usiku. Akangolowa amatenga loni ya galimoto, pamwezi akamadula amatsala ndi zochepa, kunyumba kwake m'mawa uliwonse pakhonde pali anthu khumi akudikira. Chaka chachiwiri amasamukira ku Lilongwe, chachitatu wasintha nambala, chachisanu ife tikuti ndi wodzikonda timuchotse. Nchifukwa chake chisankho chilichonse aphungu ambiri sabwerera, timangosintha nkhope

Wakabaza wa pa Siteji:
Nde asamalonjeze. Pa kampeni amati ine ndidzakhala konkuno sindidzasamuka, ambulansi ndidzagula ndi ndalama zanga. Tinawakakamiza ndife?

Bambo a Tadala:
Akanena zoona kuti ine ntchito yanga ndi malamulo basi za mabokosi ayi, iweyo ungamuvotere?

Wakabaza wa pa Siteji:
Ayi kkkkk

Achimwene a ku Joni:
Koma pali chinanso chomwe simunatchule, chizungu. Ku khonsolo bambo aja amalankhula Chichewa chawo momasuka mpaka DC kutuluka thukuta. Ku palamenti malamulo amafuna chingerezi, nde tawaonapo anthu olankhula bwino kumudzi akafika mnyumba muja zaka zisanu zonse kumangomenya tebulo anzawo akamalankhula, akadzuka kamodzi ndi kuwerenga pepala lopempha mlatho

Mayi a Mphatso:
Achimwene musawaderere, bambo aja sukulu anapitako ndithu

Aphunzitsi Opuma:
Nkhani ya chizungu ilipo, gawo 51 la malamulo aakulu limanenadi kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga chingerezi. Koma pepala lopempha mlatholo ndi limene likundiwawa ine. Mvetserani pa wailesi nthawi ya mafunso, phungu pambuyo pa phungu akuti kodi nduna ingaganizire zomanga buloko pa sukulu yakuti, kodi ingaganizire mjigo pa mudzi wakuti, nduna nkuyankha kuti nkhaniyo ipite ku khonsolo. Tsiku lathunthu nyumba yonse ikugwira ntchito ya makhansala, pomwe ngongole za dziko zikudutsa osafunsidwa bwinobwino. Mantha anga pa bambo athuwa ndi amenewo, kuti akakhala khansala wovala suti, ife titaya khansala wabwino osapeza phungu

Malume a ku Lusaka:
Nanga za CDF zili pati pano? Kuno a Hichilema atalowa anaikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu bajeti ya 2022, ndalama ya kuno, ndipo yakhala ikukwerabe, ina imapita ku mabasale a ana ndi ngongole za magulu a amayi ndi achinyamata. Mikangano ilipo koma madesiki m'masukulu tikuwaona

Aphunzitsi Opuma:
Kwathu inakwera kufika K100 miliyoni mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024, ndipo a Mutharika pa kampeni analonjeza K5 biliyoni dera lililonse pachaka, madera ake pano ndi 229 osati 193 aja. Koma chachikulu chinachitika mu Meyi 2025. Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera boma ku khoti, ndipo khoti linagamula kuti aphungu kuvota mu khonsolo komanso kulowelera pa kayendetsedwe ka CDF ndi kuphwanya malamulo aakulu a dziko, chifukwa munthu mmodzi sangavomereze ndalama ku palamenti, nkudzaigwiritsa ntchito yekha kumudzi, kenako nkudzifunsanso yekha kuti yayenda bwanji. Aphungu a zipani zonse sanakondwe nazo, pa nkhani imeneyi nde sipakhala za boma kapena otsutsa amagwirizana msangamsanga. Choseketsa nchakuti bambo athuwa chigamulo chimatuluka ali khansala, ndikukhulupirira anaomba m'manja tsiku limenelo. Pano ali mbali inayo

Wakabaza wa pa Siteji:
kkkkkkk mbuzi imadya pomwe aimangilira aphunzitsi, muona akayamba kunena kuti khoti linalakwitsa

Mayi a Mphatso:
Koma inu mukulankhula ngati ku khonsoloko kuli angelo. Ndalama zikachoka kwa MP zipita kwa ndani? Mesa kwa ma ofisala omwe aja timamva chaka ndi chaka kuti ma oditala apeza ndalama zasowa, mafuta agalimoto, ma alawansi a misonkhano ya kunyanja. Bola MP ndimamudziwa, akaba ndimuchotsa pa voti. Wa akaunti wa ku khonsolo ndingamuchotse bwanji ine? Akalakwa amangomusamutsira boma lina

Bambo a Tadala:
Mfundo imeneyo ndi yolemera mayi ndipo aphungu amaigwiritsa ntchito kwambiri. Koma yankho lake ndi khansala yemweyo, ndiye amayenera kukhala mu komiti ya zachuma ya khonsolo nkumafunsa malisiti. Vuto ambiri amapatsidwa mapepala a bajeti m'mawa wa tsiku la mitingi lomwelo, chimulu chonse mu chizungu cha ma akauntanti, ndipo alawansi yawo ya tsikulo akusainira ndi munthu yemwe akuyenera kumufunsayo. Bambo athuwa anali mmodzi mwa ochepa amene amawerenga mapepala aja nkumafunsa, nde amene uja wachokako

Nangozo:
Nde mukuvomerezana nane kuti taluza

Malume a ku Lusaka:
Ine ndikukanabe mlongo wanga. Munthu wodziwa mmene ndalama imasowera ku khonsolo akakhala mu komiti ya palamenti yoona za maboma ang'ono kapena ija yofufuza ndalama za boma angathandize dziko lonse osati wodi imodzi. Ndondomeko ya 1998 ija aphunzitsi anatchula inanena kuti 5 pa 100 ya ndalama za boma izipita ku makhonsolo pa chitukuko, ndani anaimenyerapo nkhondo mnyumba muja? Woyenera kuimenyera ndi munthu amene anakhalapo khansala wopanda mafuta a njinga. Mukamuyeza ndi maliro angati wafika nde mwamutaya, muyezeni ndi zomwe akalankhule kumeneko

Achimwene a ku Joni:
Malume mukulota. Akangolowa chipani chimamuuza pokhala ndi povotera, akachita makani 2030 amuikira munthu wina pa mapulaimale. Ndipo ife tilibe chomugwirira, gawo 64 lija lomuchotsa phungu nthawi isanakwane analichotsa okha aphungu 1995, mpaka lero palibe amene amafuna kulibwezeretsa

Aphunzitsi Opuma:
Tandilolani ndifunse kanthu kamodzi. Takambirana tsiku lonse za munthu amene wapita ku Lilongwe. Mawodi pano alipo 509 dziko lonse ndipo yathu ili ndi khansala watsopano amene tinamusankha tsiku lomwelo. Alipo pano amene ali ndi nambala yake?

Wakabaza wa pa Siteji:
Ndi uja wa chigayo kapena mng'ono wake?

Mayi a Mphatso:
Ayi wa chigayo analuza, anawina ndi mnyamata uja amaphunzitsa sukulu ya mkaka kuseri kwa msika

Wakabaza wa pa Siteji:
Aaa ameneuja? Ine ndimayesa amaimira indipendenti nkuluza

Nangozo:
Anawinadi yemweyo, ine nambala ndilibe koma mayi ake timapemphera limodzi, ndikawafunsa Lamulungu

Bambo a Tadala:
Mukaipeza muiponye pano a Nangozo, adimini amulowetse mugulu muno. ADC ikumana kumapeto kwa mwezi uno kwa a T/A, ine ndipita ndipo ndikufuna ndikamupemphe zinthu ziwiri, mndandanda wa zitukuko zomwe khonsolo yavomereza mu wodi yathu chaka chino ndi ndalama zake, komanso atiuze za buloko ija inaima pa windo kuti inali ya thumba liti, CDF kapena DDF lija la chitukuko la ku khonsolo, chifukwa aliyense amakankhira mnzake. Amene muli kumudzi tiyeni tipite angapo, ndikapita ndekha amati ndatumidwa ndi chipani

Mayi a Mphatso:
Ine ndibwera koma a honarebo nawonso muwaitane, palamenti ikakhala pa tchuthi alibe chifukwa chokanira

Achimwene a ku Joni:
Ine za thiransipoti ya anthu awiri nditumiza pa Airtel Money, koma mukajambule mndandandawo mutiponyere pano tiwerenge tokha

Wakabaza wa pa Siteji:
Thiransipoti yo mutumize kwa ine achimwene ndiwanyamula ndine, koma mafuta anakwera musatumize za chaka chatha